Rolls-Royce, Jaguar, Benzi kapena Celsior: ndi iti imene siidzathera pa miyala?

Magalimoto amene ankakwera akazembe, nduna ndi mabwana a makampani m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, lero akugulitsidwa pa mtengo woti ngakhale munthu wa pa ntchito wamba angayambe kuwerengera za m'thumba. Pa intaneti, ku Britain kapena ku South Africa, mupeza Jaguar XJ6 kapena Benzi yaikulu ija ya W126 ili pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa kagalimoto ka ku Japan kogwirapo kale ntchito. Ngakhale Rolls-Royce yotopa siikhala patali kwambiri ndi pamenepo. Koma chimene chinatsika ndi mtengo wogulira wokha. Mtengo wosamalira unatsalira kumwamba komwe kuja, pa msinkhu wa bwana amene anaigula ili yatsopano.

Pano tiika pa sikelo magalimoto anayi: Rolls-Royce Silver Shadow, Jaguar XJ6, Mercedes-Benz W126 ndi Toyota Celsior, imene kunja kwa Japan imadziwika kuti Lexus LS400. Onsewa amapezeka a chiwongolero cha kumanja, choncho ndi oyenera misewu yathu. Funso lakuti injini yolimba ndi iti silitithandiza kwenikweni, chifukwa injini za onse anayi zinapangidwa kuti zikalambe. Galimoto yotere siimafa ndi mtunda. Imafa ndi dzimbiri, labala wouma, madzi a pampopi mu rediyeta, kukhala miyezi ili chiimire, ndiponso makaniko amene akuphunzirira pa iyo. Choyenera kufunsa n'chakuti: ikadwala, wodziwa matenda ake ali kuti, nanga sipeya ichokera kuti?

Rolls-Royce Silver Shadow

Achikulire amene anaonako Kamuzu Banda akudutsa pa Rolls-Royce amadziwa ulemu umene dzinali limanyamula. Kungoti galimoto ya mtsogoleri imakhala ndi thumba la boma kumbuyo kwake, pamene yanu idzadalira malipiro anu.

Silver Shadow inapangidwa ku Crewe kuyambira 1965 mpaka 1980, ndipo anapanga pafupifupi 30,000, chiwerengero chachikulu kwa kampani ngati imeneyi. N'chifukwa chake lero siivuta kupeza, ndipo zotopa ndi zotchipa. Injini yake ndi V8, ya masilinda 8, poyamba ya malita 6.2, kenako 6.75. Banja la injini imeneyi linayamba mu 1959 ndipo linapuma mu 2020 lili mu Bentley Mulsanne, kotero za kulimba musakayike. Giyabokosi ya ambiri mwa magalimotowa ndi ya ku America, GM400 ya magiya atatu, yolimba kwambiri, ndipo zipangizo zake sizisowa.

Vuto lagona pa mabuleki. Magalimoto amene tinazolowera, ukaponda buleki mwendo wako ndi umene umakankha mafuta kupita ku matayala. Mu Shadow si choncho. Rolls-Royce anatenga nzeru kwa Citroën ya ku France: pakati pa injini pali mapampu awiri oyendetsedwa ndi kamushafiti, amene amapopa mafuta n'kuwasunga m'mipira iwiri yachitsulo yokhala ndi mpweya wa nayitirojeni. Mphamvu yake imafika cha m'ma 2,500 psi, pamene tayala timalipopa 30 kapena 35 basi. Phazi lanu limangotsegula mavalavu, ndipo mafuta omwewo ndi amenenso amakweza kumbuyo kwa galimoto mukanyamula anthu ndi katundu. Zonse zikakhala bwino, galimoto yolemera matani awiri ndi kuposa imaima mofewa modabwitsa. Koma pansi pake pali mapaipi ambirimbiri, achitsulo ndi alabala, mavalavu ndi masilo, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi zaka zoposa 40.

Mafuta ake ndi apadera, otchedwa RR363, ndipo simuwapeza pa filing'i sitesheni. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Silver Spirit, imene inalowa m'malo mwa Shadow mu 1980, imagwiritsa ntchito mafuta obiriwira a mtundu winiwake wosiyaniratu. Makaniko amene anamvapo kuti "Rolls imamwa obiriwira" akathira amenewo mu Shadow, labala yense wa m'kati amafufuma n'kuwola, ndipo muyenera kumasula dongosolo lonse n'kusintha silo iliyonse. Botolo limodzi lolakwika likhoza kudya ndalama zofika pa mtengo umene munagulira galimotoyo.

Pali njira yoyesera musanagule. Lizani injini kwa mphindi zingapo, izimitseni, bwezerani kiyi pamalo poti magetsi a pa dashibodi ayake, kenako muziponda buleki mobwerezabwereza. Ngati mipira ija ili ndi moyo, muponda kambirimbiri nyale zochenjeza zisanayake. Zikayaka mutangoponda kangapo, mpweya unatha kale, kutanthauza kuti tsiku limene injini idzazime pa mtsetse, mabuleki adzatha nayo limodzi.

Injiniyo nayo ili ndi mwambo wake. Buloko ndi la aluminiyamu, koma masilinda ndi achitsulo ochita kulowetsamo, ozunguliridwa ndi madzi. Ife a kumayiko otentha timaganiza kuti kulanti ndi wa anthu a kozizira, ndiye timathira madzi a pampopi. Koma ntchito ina ya kulanti ndi kuletsa dzimbiri m'kati. Popanda iye, zinyalala zimaunjikana mozungulira masilinda, kuwafinya, mpaka mapisitoni kuyamba kugogoda. M'mbali mwa buloko muli timabowo tating'ono timene anasiya dala. Mukaona madzi akuchucha pamenepo, masilo a m'kati atha, ndipo imeneyo ndi ntchito yotsitsa injini.

Mafuta imamwa mosanyengerera: makilomita 4 kapena 5 pa lita. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, malita 60 mpaka 80 apita, ulendo wopita wokha. Zipangizo zilipo, makampani a ku Britain monga Flying Spares ndi IntroCar amagulitsa zatsopano ndi zakale zomwe, koma mulipira ndi mapaundi ndipo mudikira ndege. Ine ndikuona kuti Shadow ndi ya munthu wokhala ku Britain, kapena ku Johannesburg ndi Cape Town, kumene kuli magalaja oti anaigwirapo kale. Kuibweretsa kumalo kopanda munthu wodziwa mapaipi ake ndi kugula chojambulitsira zithunzi za ukwati.

Jaguar XJ6

Mwa anayiwa, yokongola kwambiri ndi iyi, ndipo pamenepa sindilola mtsutso. Inatuluka mu 1968, galimoto yomaliza imene mwini kampani Sir William Lyons anaiyang'anira yekha kapangidwe kake. Inadutsa mibadwo itatu: Series I mpaka 1973, Series II mpaka 1979, ndi Series III, imene denga lake linakonzedwanso ndi a Pininfarina a ku Italy. Ina inkalumikizidwa ku Blackheath pafupi ndi Cape Town, n'chifukwa chake ku South Africa idakalipo yambiri. Ukaikwera umamva ngati msewu auyala kumene. Mpaka lero ndi magalimoto ochepa amene amaphatikiza kufewa ndi kugwira msewu chonchi.

Tsoka lake n'lakuti zaka zake zambiri zinagwera m'nthawi ya British Leyland, kampani yaikulu imene inali mwini wa Jaguar, pamene mafakitale a magalimoto ku Britain ankangokhalira masitalaka, ndipo ntchito inkatuluka yosalongosoka. Series II ndi imene inalawa kwambiri zimenezi. Zinthu zinayamba kusintha John Egan atatenga utsogoleri wa Jaguar mu 1980, ndipo Jaguar inadziimira payokha mu 1984. Ngati mtima wanu wagwa pa Jaguar, funani Series III ya zaka zakumapetoko.

Anthu amakonda kuseka mawaya ake opangidwa ndi a Lucas, amene Angelezi eni ake anawapatsa dzina la "Prince of Darkness". Kunena zoona, limeneli ndi vuto laling'ono kuposa mbiri yake. Kawirikawiri si zipangizo zimene zafa, koma polumikizira mawaya pachita dzimbiri, waya wa ethi wamasuka, kapena switchi yadetsedwa m'kati. Munthu wodekha wokhala ndi mita yoyezera magetsi ndi sandipepala amathetsa zambiri Loweruka limodzi. Chimene chimaononga ndi kudula mawaya n'kulumikiza ena apambali nthawi iliyonse nyale ikazima. Mukasuzumira pansi pa dashibodi n'kupeza mawaya a mitundumitundu omangidwa ndi tepi, dziwani kuti mukugula zolakwa za anthu khumi.

Matenda enieni ali pena. Injini ya XK ya malita 4.2, imene kholo lake linatuluka mu 1948, ili ndi buloko lachitsulo ndi hedi ya aluminiyamu. Mabawuti aatali omanga hedi amadutsa m'madzi oziziritsa injini, ndiye nkhani ya kulanti ija yabweranso: amadyeka ndi dzimbiri, amaduka, kapena amamatirira ku hedi moti kuichotsa kumatenga masiku. Injini ikawira kamodzi kokha, gasiketi imapsa, ndipo nthawi zina buloko limang'aluka pakati pa masilinda. Kudontha kwa oyilo kumbuyo kwa injini ndi khalidwe lake. Kukakhala kochepa, eni ake ambiri amangoyala katoni pansi n'kupitiriza moyo.

Mabuleki akumbuyo sali pa matayala monga tinazolowera. Ali pakati, mbali ndi mbali ya difu. Zimenezi zimathandiza kuti galimoto iziyenda mofewa, koma difu ikayamba kudontha, oyilo amagwera pa madisiki, ndipo handibuleki imasanduka chokongoletsera. Kuti musinthe madisikiwo, njira yosavuta ndi kutsitsa chimango chonse cha kumbuyo, difu ndi masipuling'i omwe. Ntchito imene pa Corolla ndi ya ola limodzi, pano ndi ya tsiku kapena masiku awiri, n'chifukwa chake eni ake ambiri amangoizengereza mpaka kuigulitsa. Ilinso ndi matanki awiri a petulo, limodzi mbali iliyonse, ndi batani losinthira. Mavalavu ake akafa, petulo amachoka m'tanki imodzi n'kubwerera mu inayo mpaka kusefukira. Timabowo totulutsa madzi pa zivundikiro za matankiwo tikatsekeka ndi fumbi, mvula yoyamba imalowa m'petulo.

Nanga dzimbiri! Series III imadyeka mozungulira galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo, madzi n'kumalowa mpaka pansi pa makapeti. Onaninso pamene zitsulo zogwira matayala akumbuyo zimamangidwa ku thupi la galimoto, chifukwa pakawola pamenepo ndi nkhani ya moyo. Galimotoyi ndi yofupikanso pansi. Msewu wa mahampu ndi maenje umaithera ekizozi.

XJ12, ya masilinda 12 ndi malita 5.3, ndingoidutsa mwachangu. Ndi yokoma kuyendetsa, koma pansi pa boneti palibe ngakhale polowetsa dzanja, imamwa ngati Rolls, ndipo ikawira mipando ya mavalavu imagwa. Kumalo kotentha, isiyeni.

Ubwino wa XJ6 ndi wakuti ilibe zamatsenga. Zipangizo ndi zotsikirapo mtengo, a SNG Barratt ku Britain ali nazo pafupifupi zonse, ndipo mabuku ofotokoza kakonzedwe kake alipo. Ndi galimoto ya munthu wokonda kudetsa manja, wokhala ndi galaja yofolera ndi galimoto ina yopitira ku ntchito. Wodalira kulipira makaniko pa kalikonse adzaida msanga.

Mercedes-Benz W126

Iyi ndi imene ndingamuuze mbale wanga kuti agule. Inapangidwa kuyambira 1979 mpaka 1991 motsogozedwa ndi Bruno Sacco, ndipo zonse pamodzi zinakwana pafupifupi 890,000. Chiwerengero chimenechi ndiye mphamvu yake yaikulu: kumene kuli magalimoto ambiri kulinso zipangizo zambiri, zakufa zophwasula zambiri, ndi amakaniko ambiri amene anazigwirapo. Kuwonjezera apo, inkalumikizidwa ku East London, ku South Africa. 500 SE yofiira imene antchito a pa fakitale imeneyo anapangira Nelson Mandela mu 1990 inali W126, ndipo lero ili ku Apartheid Museum ku Johannesburg. Choncho m'chigawo chathu chino si mlendo.

Kusankha injini ndi kumene kumafuna mutu. Dzina lalikulu ndi 560 SEL, koma yanzeru ndi 300 SE, imene inabwera mu 1985 ndi injini ya masilinda 6 yotchedwa M103. Injini yomweyi ili mu W124, Benzi yapakati ija imene inadzaza misewu yathu, ndiye gasiketi, pampu ya madzi ndi zosefera sizivuta. Matenda ake ndi odziwika: oyilo kudontha pa gasiketi ya hedi ndi pa kava ya kutsogolo, komanso utsi wabuluu masilo a mavalavu akauma. Zonsezi makaniko wabwino wa Benzi amazitha. Imayenda makilomita 8 kapena kuyandikira pamenepo pa lita, zimene pakati pa anzakewa ndi kudziletsa. 280 SE yakaleko nayo ndi yolimba, kungoti imamwa kuposa mphamvu imene imapereka.

Za V8, zoti 380, 420, 500 ndi 560, zili ndi msampha umodzi woopsa. Tcheni cha taiming'i chimayenda motsamira tizitsulo tokutidwa ndi pulasitiki ndi tina ta pulasitiki yekhayekha. Pakapita zaka pulasitikiyo amauma, kusanduka wofiirira, n'kuyamba kuthetheka. Kachidutswa kakagwera pa tcheni, tcheni chimalumpha mano, mavalavu n'kugundana ndi mapisitoni, injini yanoka. Chizindikiro chake ndi phokoso la kamphindi kochepa, lakuti khwerere, poliza injini itazizira. Mukagula V8 yopanda umboni woti zimenezi zinasinthidwa, sinthani musanapite nayo kulikonse. Ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi injini. 560 SEL ilinso ndi mipira ya nayitirojeni kumbuyo yokwezera galimoto. Ikatha mpweya, kumbuyo kumauma gwa. Mwayi wake, mabuleki sadalira zimenezo ngati mu Rolls.

Chimene chimasokoneza amakaniko ambiri ndi njira yake yoperekera petulo, ya Bosch yotchedwa K-Jetronic, ndi mng'ono wake KE-Jetronic. Si kabyuleta, komanso si ya kompyuta yoti mulumikize makina n'kuwerenga vuto. Imagwira ntchito ndi mphamvu ya petulo yeniyeniyo, kudzera m'kachipangizo kogawa kokhala ndi timipata topyapyala kwambiri. Ikamayenda tsiku ndi tsiku ndi petulo woyera, imatha zaka makumi osaigusa. Ikakhala chaka ili chiimire, petulo amauma m'kati n'kumata zonse. Pamwamba pake pali kasikuluwu kosinthira kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta, ndipo makaniko wosadziwa amathamangira pamenepo. Mukaona wayamba kupotokola kasikuluwu kameneko asanaike geji yoyezera mphamvu ya petulo, tengani kiyi wanu mwaulemu.

Benzi imeneyi imadaliranso timapaipi ta mpweya wokoka: maloko a zitseko, tizitseko ta mphepo ya mu dashibodi, ngakhale kufewa kwa kusintha magiya. Kapaipi kamodzi kakang'ambika, mumaona zinthu zitatu zosagwirizana zikuvuta nthawi imodzi, anthu n'kuyamba kunena kuti giyabokosi yatha pamene vuto ndi labala wotalika ngati chala. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri, chifukwa timagiya ta pulasitiki ta m'kati mwa wotchiyo timathyoka ndipo nambala imaima kwa zaka. Mpando wa dalaivala ndi labala wa pa mapedulo amanena zoona kuposa wotchi.

Dzimbiri nayo siiithawa, ngakhale imapirira kuposa Jaguar. Onani poikira jeke, pansi pa batire, pansi pa galasi lakumbuyo mukasuzumira kuchokera mu buti, ndi kuseri kwa mapulasitiki aakulu a m'mbali aja.

Wina angakuuzeni kuti bwanji osangogula W140, imene inabwera mu 1991, poti mtengo wake ndi womwewo. Imeneyo ndi nkhani ina. Ndi yolemera, yodzaza ndi makompyuta, ndipo ya zaka zoyambirira ili ndi mawaya a pa injini amene chikopa chake chimafumbutuka ndi kutentha.

Toyota Celsior

Ena akwiya kuona Toyota pagulu limeneli, koma yoyamba inatuluka mu 1989, ndiye zaka 35 yadutsa kale. A Toyota anaipanga ndi cholinga chogonjetsa Benzi yomwe ija, ndipo pa kulimba anapambana. Injini yake ya V8 ya malita 4, yotchedwa 1UZ-FE, imalira mwakachetechete moti ungaiwale kuti yayaka. Zovuta zake n'zowerengeka. Pampu ya chiwongolero imadonthetsera mafuta pa olitaneta imene ili pansi pake n'kuipha. Timakapasita ta mu kompyuta ya injini timatuluka madzi tikakalamba, galimoto n'kumazima popanda chifukwa chooneka, koma wokonza mawailesi waluso amatisintha. Sitata anaibisa pakati pa injini, pansi pa manifodi, ndiye kuisintha ndi ntchito yaikulu. Lamba wa taiming'i amafuna kusintha pa nthawi yake. Ina ya ku Japan ili ndi mashoko a mpweya, amene akaphulika eni ake ambiri amangoika masipuling'i wamba.

Chosowa chake n'chimodzi: palibe amene adzatembenuke kuiyang'ana. Ngati mukufuna kufewa ndi mtendere wa mumtima, gulani iyi. Ngati mukufuna kuti pa ukwati anthu adzuke m'mipando, simuipeza pano. Dziwaninso kuti za injini zimapezeka, koma nyale, magalasi ndi za m'kati za mibadwo yoyambirira zayamba kusowa.

Nanga kungosintha injini?

Maganizo amenewa amabwera msanga injini yakale ikanoka. Ku America, kwa zaka zambiri anthu akhala akuika V8 ya Chevrolet mu XJ6. Ku South Africa, imene imalowa paliponse ndi 1UZ ya Lexus yomwe ija, yochokera ku Japan, ndipo kuli magalaja amene ntchito yawo ndi imeneyo. Mu Jaguar nzeru imeneyi ili ndi mutu: mumapeza mphamvu zambiri, mafuta ochepa, ndipo kuwira kumachepa ngati rediyeta ili bwino. Koma dzimbiri, mabuleki akumbuyo, matanki ndi mawaya zimatsala momwe zinalili, ndipo anthu osunga magalimoto akale sadzaigulanso pa mtengo wabwino.

Mu Rolls-Royce nkhani ndi yovuta kwambiri. Kumbukirani kuti mapampu a mabuleki amayendetsedwa ndi kamushafiti ya injini yake yomweyo. Mukachotsa injini, mwachotsanso mtima wa mabuleki, ndiye muyenera kupanga dongosolo lina loimitsira galimoto ya matani awiri. Imeneyo si ntchito yoyeserera pansi pa mtengo wa mango. Mu Benzi, kusintha mtundu wa injini kulibe phindu, poti ina yofanana nayo ya m'galimoto yakufa imapezeka. Kulikonse kumene muli, injini ikasintha, mapepala a galimoto ayeneranso kusintha nambala yake.

Kumene yakhala, ndi kumene ikupita

Magalimoto awiri a chaka chimodzi akhoza kusiyana kutali chifukwa cha kumene akhala. Ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo mcherewo umadya galimoto kuchokera pansi. Ya ku Durban kapena Cape Town yapuma mphepo ya kunyanja. Ya ku Gauteng kapena Free State, kouma kuja, thupi lake limakhala labwino, ngakhale dzuwa limakhala litang'amba dashibodi, kuumitsa zikopa za mipando ndi kusuwa vanishi wa matabwa. Pa ziwirizi sankhani yopsa ndi dzuwa. Mpando umasokedwa, koma thupi lowola limadya ndalama mopanda malire, makamaka poti onse anayiwa alibe tchesi yapadera. Thupi lenilenilo ndiye mafupa a galimoto. Penti wonyezimira asakunamizeni, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pa za malamulo, wokhala ku Britain ali ndi mwayi: galimoto ikakwana zaka 40 ikhoza kulembetsedwa ngati yakale, osalipira msonkho wa pamsewu, osakakamizidwa kuyezetsa galimoto chaka ndi chaka (MOT), ndiponso osalipira ULEZ, ndalama imene magalimoto otulutsa utsi wambiri amalipira ku London. South Africa siilola kulowetsa magalimoto ogwirapo kale ntchito mwachisawawa, choncho wa kumeneko agule ya konko. Ku Malawi msonkho wolowetsera umakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu, ndipo awa ali ndi milandu iwiri yonseyo. Funsani a MRA musanatumize ndalama kwa wogulitsa.

Petulo naye ndi nkhani. Kusowa kwa petulo wa mtovu si vuto, chifukwa mahedi a injini zonsezi ndi a aluminiyamu okhala ndi mipando ya mavalavu yolimba. Chofunika kusamala ndi ethanolo. Malawi wakhala akusakaniza ethanolo wa ku nzimbe mu petulo kuyambira 1982, Zimbabwe nayo imasakaniza, ndipo ku Britain petulo wamba ndi E10, wokhala ndi ethanolo mpaka 10 peresenti, kuyambira 2021. Ethanolo amadya mapaipi alabala akale ndi tizikopa ta m'makabyuleta, komanso amakoka chinyezi galimoto ikangokhala. Paipi ya petulo yong'aluka pamwamba pa injini yotentha mapeto ake ndi moto. Kusintha mapaipi onse a petulo ikhale ntchito yoyamba pa iliyonse mwa izi, ndipo kachitini kozimitsira moto kazikhala pafupi ndi mpando wanu.

Pa mtundu uliwonse mupeza mitengo itatu: yotchipa imene akuti "imangofuna batire", yapakati yoyenda koma yopanda mapepala a ku galaja, ndi yodula yokhala ndi mulu wa malisiti. Ya batire ija nthawi zambiri yakhala zaka pabwalo, ndipo kukhala ndi kumene kumamata K-Jetronic, kuumitsa masilo a Rolls ndi kudzaza madzi pansi pa makapeti a Jaguar. Galimoto ya makilomita ambiri imene imayenda sabata iliyonse imaposa ya makilomita ochepa imene yagona zaka zisanu. Mukaigula, nanunso muziitulutsa pafupipafupi, ulendo wotalika mokwanira kuti injini itenthe bwinobwino, osati kungoiliza pakhomo mphindi zisanu.

Tsiku lokaona, muuzeni wogulitsa asailize inu musanafike, ndipo gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Phokoso la tcheni cha Benzi ndi kugogoda kwa Rolls zimamveka nthawi imeneyo. Tsegulani chivundikiro cha madzi muone mtundu wake. Tengani kamaginito kokutira m'nsalu, mukayendetse m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala: pamene sikakugwira pali bodefila. Pa Shadow pokha musadabwe kakakana pa zitseko, boneti ndi buti, chifukwa zimenezo ndi za aluminiyamu. Kwezani makapeti mugwire pansi pake ngati pali chinyezi. Kenako pemphani kuti ipite pa galaja yoti ikwezedwe m'mwamba, mulowe pansi ndi tochi pamodzi ndi makaniko amene adzakhale akuikonza, ndipo iyeyo akuuzeni mtengo wa ntchito za chaka choyamba musanayambe kunenerera.